Chitseko cha NyaChavula

Chiyambire pamene boma linandichotsa kwathu ku Dedza n'kudzanditula kuno ku Rumphi monga mlangizi wa zaulimi, palibe munthu amene wandisowetsa mtendere m'nyumba mwanga kuposa a Hezron Luhanga. Sanandinyozepo, mbuzi zawo sizinadyepo chimanga changa, ndipo tikakumana moni amandipatsa bwinobwino. Mlandu wawo unali umodzi wokha: ankatsegulira akazi awo chitseko cha galimoto.

Ndife oyandikana nyumba cha ku Njakwa, ndipo timapemphera mpingo umodzi. A Luhanga ndi mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wowongoka, amene amavala taye ngakhale akupita kukaona fodya m'chigafa. Anabadwira konkuno, anaphunzira kwa amishoni, n'kuphunzitsa m'sukulu zingapo kuyambira ku Chiweta mpaka kumapiri a njira ya ku Nyika. Amuna ambiri a ndevu a dera lino anadutsa m'manja mwawo, moti mpaka lero akawaona akubwera amachotsa manja m'matumba. Kuseka akuti amaseka, koma ine ndi maso angawa sindinaonepo.

Akazi awo ndi mayi Lois, koma kuno mkazi amamuitana ndi dzina la bambo ake, ndiye aliyense amangoti NyaChavula. Ndi mayi wamfupi, wansangala, woti akayamba kuseka thupi lonse limagwedezeka. Amafotokoza okha kuti tsiku limene a Luhanga anawafunsira mbeta, mawu achikondi amene anamva anali akuti, "Ndaona kuti mumasunga nthawi." Basi. Zotsalazo anakamalizitsa ndi akuluakulu.

Galimoto yawo anaigula kwa dokotala wina wachizungu amene ankabwerera kwawo, kalekale ana awo asanabadwe, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali kale nkhalamba. Ndi yobiriwira, ya mphuno yaitali, nyali zozungulira, mipando ya chikopa chenicheni. Anthu amaitchula kuti Dona. Loweruka lililonse a Luhanga amaisambitsa, kuipukuta mpaka matayala, kuimvetsera kulira kwake atapendeka mutu. Kabawuti kakangomasuka, sadya mpaka kamangidwe. Dona amayenda Lamulungu popita ku tchalitchi, ndi masiku ena ochepa popita ku boma.

Tsono mavuto anga ankayamba Lamulungulo. Dona akafika pa tchalitchi ankaima malo amodzimodzi, pafupi ndi mpanda wa maluwa, mbali ya NyaChavula ili kumpandako. A Luhanga ankatsika, kukonza taye, kuzungulira kutsogolo kwa galimoto mwapang'onopang'ono. Akafika pa chitseko cha akazi awo ankawerama, bondo limodzi n'kupinda, ife tili kuno tikuona mutu wa imvi uja ukutsika kuseri kwa denga la galimoto. Kenako chitseko chinkatseguka, NyaChavula n'kutuluka ndi Baibulo lawo. Pobwerera zinali chimodzimodzi: amayi alowe, abambo awerame, chitseko chitsekedwe. Kuno kumene mkazi ndiye amagwada popereka madzi kwa mwamuna, kuona mkulu wa mpingo akupinda bondo pamaso pa mkazi wake sichinali chinthu chaching'ono.

Amayi a Umanyano, bungwe la amayi mumpingo mwathu, anaitenga nkhaniyi ngati phunziro. Mtsikana akamalangizidwa za ukwati, dzina la a Luhanga silinkalephera. Abusa nawo pa ukwati uliwonse ankaloza mkwati ndi chala n'kunena kuti, "Uzikaona zimene amachita adada Luhanga." Ife amuna tinkangoyang'ana nsapato zathu.

Ndikafika kunyumba, mkazi wanga Dorica ankadikira ndikhale pansi kaye.

"Bambo a Mthunzi, mwaona lero?"

"Ndaona chiyani?"

"Bambo aakulu ngati aja, imvi mbuu, kugwadira akazi awo."

"Amake Mthunzi, ine ndili ndi njinga yamoto. Njinga ilibe chitseko."

"Nanga nyumba ilibe chitseko?"

Ndinapirira zimenezi zaka zambiri, ndipo ndisabise, mkuluyu ndinkamuda Lamulungu lililonse kuyambira masana mpaka madzulo.

Tsiku lina njinga yanga inakana kulira, pomwe ndinali ndi msonkhano ku boma. Ndili chiimire pamsewu, Dona anatulukira. A Luhanga anaima n'kusuzumira pa windo.

"Kwerani kumbuyo, a Simeon. Koma musase kaye nsapatozo."

Tisanalowe m'tauni tinapeza apolisi a pamsewu. Amene anatiimitsa anali mtsikana wachilendo kuno, wolankhula Chichewa cha kumwera. Akanakhala mwana wa kuno akanangochita sawasha kwa aphunzitsi ake n'kutilola kudutsa. Koma uyu anazungulira Dona akumwetulira, kuyesetsa nyali, kulizitsa hutala, kenako n'kuima pa windo la NyaChavula.

"Amayi, tatsegulani chitseko ndione."

NyaChavula anayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana kutsogolo.

"Amayi?"

"Mwana wanga," anatero NyaChavula, "ichi sichitseguka ndi munthu wa mkati."

"Chiyambire liti?"

"Iwe usanabadwe."

A Luhanga anatsika, kukonza taye, kuzungulira. Ndipo ine, ndili pampando wakumbuyo, ndinaona zimene mpingo wonse unali usanaonepo. Dzanja limodzi anagwira handulo, lina anagwira m'mphepete mwa windo. Bondo lija, bondo lotchuka lija, analilowetsa kunsi kwa chitseko n'kukankhira m'mwamba, iwo akubuula kuti "hmm!" Chitseko chinalira mokwiya n'kutseguka, kenako n'kulendewera ngati phiko la nkhuku lothyoka. Mahinjesi, zitsulo zija chitseko chimazungulirapo, anali atadyeka. Chitseko chinali chitatsika n'kumakola pa loko, ndipo popanda kuchinyamula munthu ali kunja sichikanatseguka, ngakhale kutsekeka.

Wapolisi uja anasiya kumwetulira.

"Bambo, nanga galimotoyi itagwira moto, mayiwa atuluka bwanji?"

"Ndiwatsegulira ine."

"Nanga inuyo mutakomoka?"

A Luhanga anangokonzanso taye. Mtsikanayo anawauza mwaulemu koma mosabisa mawu kuti akakonzetse, ndipo akadzaipezanso choncho, galimoto idzagona pomwepo.

Abale, ndinasangalala! Za msonkhano uja sindikukumbuka kalikonse. Ndinauza anzanga a ku ofesi, ndinauza a pa chigayo, ndinauza ogulitsa tomato. Amuna ena anandigwira chanza ngati ndawabweretsera mvula. Mmodzi, amene akazi ake ankamuvutitsa kwambiri pa nkhaniyi, anandiumiriza kuti ndibwereze pa bondo paja, ndipo ndinachita kumusonyeza ndi chitseko cha golosale.

Kunyumba ndinalowa ndi chifuwa.

"Amake Mthunzi, chikondi chanu chija ndi mahinjesi! Si kugwada kuja ayi, ndi kunyamula chitseko!"

Dorica anamvetsera zonse akusankha nyemba, osadzutsa mutu. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Munthu wopukuta mpaka matayala, wosadya chifukwa cha kabawuti, angalephere kukonza chitseko zaka zonsezi?"

"Ndi liuma basi," ndinatero. Sindinkafuna munthu aliyense andiwonongere tsiku.

M'mawa mwake NyaChavula anabwera kwathu ndi phava la nthochi. Ine ndinali kuseri, pansi pa windo, ndikulimbana ndi njinga ija, ndiye zimene ankakamba ndi Dorica zinkandipeza zokha.

"Amuna anu alengeza dziko lonse," anatero NyaChavula akuseka. "Asiyeni, sananame. Ine ndimadziwa kuti ndi chitseko, sindine chitsiru. Chinayamba kugwa chaka chimene tinkapitapita ku Chelinda, mchimwene wanga akugwira ntchito ku paki ya Nyika. Msewu uja unachimaliza."

Kenako mawu awo anasintha.

"Dorica, adada aja ndi munthu wabwino chomene, koma mawu alibe. Ndikaphika bwino amati, 'Mchere wakwana.' Nditabereka mwana woyamba anabwera kuchipatala n'kundigwira chanza ngati ndakhoza mayeso. M'nyumba sandiyang'ana kumaso, amayang'ana wotchi. Koma akawerama pa chitseko paja, nkhope yawo imafika pa windo, maso ndi maso, n'kunena kuti, 'Tafika, NyaChavula.' Ine ndimathokoza m'chinenero chathu kuti, 'Yewo, adada.' Ndi zomwezo basi. Ndimadikira Lamulungu chifukwa cha zimenezo, Mulungu andikhululukire. Tsopano akakonza, ndizitsika ndekha ngati munthu wa mu minibasi."

Sipanala inali m'manja mwanga, koma ndinali nditaiwala chimene ndimamanga. Ndinadzilimbitsa mtima kuti si ine ndinadya mahinjesiwo, si inenso ndinaimitsa galimoto.

Tsiku lokonza, a Luhanga anandipempha kuti ndiwaperekeze kukagwira chitseko. Mwina anaona kuti popeza ndine ndinafalitsa maliro, ndikathandizenso kukumba manda. Tinapita ku galaja ya Amock, makaniko wa ku boma, amene amaimba besi m'kwaya yathu ndipo anali mwana wa sukulu wa a Luhanga. Amock ndi bambo wa ana akuluakulu, koma ataona aphunzitsi ake anapisira malaya m'thalauza.

Anaika thabwa kunsi kwa chitseko, n'kulichirikiza ndi jeke. Ine ndinagwira m'mwamba. Anatenga hamala ndi kachitsulo kosongoka kuti akhomere kunja mapini, timisomali tija timagwira mahinjesi pakati.

"Taima," anatero a Luhanga. "Ukanda penti."

"Ndaika nsalu, adada."

"Kukubwera mvula. Tibwere tsiku lina."

Tonse tinayang'ana kumwamba. Munali m'mwezi wa Seputembala, kunja kulibe ngakhale kamtambo.

"Mapini amenewo anabwera ndi galimoto," anapitiriza. "Ena ngati amenewo suwapeza m'Malawi muno."

"Ndisula ndekha, adada. Bawuti yolimba ilipo."

Pini yoyamba inakana, dzimbiri litaigwira. Amock anathira mafuta, kuyembekeza, kukhoma, kuthiranso, mpaka inatuluka n'kugwera m'fumbi. Inali itadyeka pakati, yopyapyala ngati pensulo yotafunidwa ndi mwana. Yachiwiri inatuluka mosavuta. Titachotsa chitseko n'kuchigoneka pa matayala akale, Amock anatisonyeza mabowo a mahinjesi. M'malo mozungulira anali atatalika ngati dzira. Anawawotcherera kuti adzaze, kuwapala, kuwaboolanso mwatsopano, n'kusula mapini awiri kuchokera ku mabawuti. Nthawi yonseyi a Luhanga anali chiimire pambuyo pake, manja kumbuyo, ngati akuyang'anira mayeso. Ndinawaona akutola mapini akale aja, kuwapukuta ndi mpango, n'kuwaika m'thumba la jekete.

"Ntchito yaing'ono iyi," anatero Amock akupaka girisi. "Malemu bambo anga, galaja ino ikadali yawo, ankawauza adadawa chaka ndi chaka kuti bweretsani tikonze, dzuwa lisanafike pamutu titha. Iwo ankangoti, 'Chisiye, ndikuchidziwa.' Injini tinatsitsapo, mabuleki tinasinthapo kambirimbiri, koma chitseko ichi ayi."

"Umalankhula kwambiri kuyambira uli ku sukulu," anatero a Luhanga.

Tinabwezera chitseko. Amock anakhoma mapini atsopano, kusuntha pang'ono kachitsulo kokola loko, n'kubwerera m'mbuyo. Anachikankha ndi chala chimodzi. Chinatsekeka kuti khatya, mofewa, popanda kudandaula. Analowa mkati, kukoka handulo, chitseko n'kutseguka chokha.

"Mwaona, adada? Tsopano amama azitsika okha. Mwapuma!"

A Luhanga anachitsegula, kuchitseka. Anachitsegulanso, kuchitsekanso. Anachigwedeza kuti mwina chiseweresewere, koma chinali nji. Sindinaonepo munthu akulandira ntchito yabwino ndi nkhope ya pamaliro ngati imeneyo. Pobwerera ndinakhala kutsogolo, pa mpando wa NyaChavula. Titafika ndinatsika ndekha, a Luhanga akuyang'ana kumbali.

Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa, ngakhale sindinkafuna. Munthu ngati a Luhanga sangachite chinthu chofewa popanda chifukwa cholimba. Kuti azungulire galimoto pamaso pa ana awo a sukulu, akulu anzawo ndi abusa, pankafunika chitseko chowonongeka. Tsopano chitseko chinali bwino, ndipo chifukwa cha pakamwa panga Rumphi yonse inkadziwa kuti chili bwino.

Lamulungu lotsatira anthu anafika msanga kuposa tsiku la mgonero. Amuna amene amalowa m'tchalitchi nyimbo yachiwiri itatha anali ataima kale pabwalo, akugwirana mapewa. Amayi a Umanyano anaima mbali yawo, milomo atatseka, ngati anthu oyembekeza chigamulo. Amock anali pafupi nane ndi jekete la kwaya, akuuza aliyense za mapini ake.

Dona anafika, n'kuima pa mpanda wa maluwa paja. A Luhanga anatsika, kukonza taye, kutenga Baibulo. Anayang'ana gulu lonse lija kamodzi. Kenako anatembenuka n'kulunjika ku khomo la tchalitchi.

"Eya!" ananong'ona bambo wa pa golosale uja, akundigunda ndi chigongono. "Tapulumuka!"

Ine ndinasunthira cha kumpanda, pomwe ndinkatha kuona mkati mwa galimoto. NyaChavula anali chikhalire, Baibulo pamiyendo, akuyang'ana msana wa amuna awo. Kenako anaweramitsa mutu, dzanja lawo n'kuyamba kupita pa handulo pang'onopang'ono. Chisangalalo chonse cha sabata ija chinandithera pomwepo. Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita manyazi.

A Luhanga anali atafika pa masitepe. Anaponda yoyamba n'kuima. Anaima nthawi yaitali ndithu, moti mkulu wolandira anthu pakhomo anatambasula dzanja, kulibweza, kulitambasulanso. Dzanja lawo lamanja linali m'thumba la jekete, muja anaika mapini akale. Kenako anapatsira mkuluyo Baibulo n'kutembenuka.

Anadutsa pakati pa amuna aja osayang'ana aliyense, ndipo manja anayamba kutuluka m'matumba. Anazungulira kutsogolo kwa Dona mwapang'onopang'ono monga mwa masiku onse. NyaChavula atawaona anabweza dzanja lija msangamsanga n'kulibisa pansi pa Baibulo. A Luhanga anagwira handulo, kugwira m'mphepete mwa windo, kulowetsa bondo kunsi kwa chitseko chimene Amock ankachitsegula ndi chala chimodzi, n'kubuula kuti "hmm!" mokweza kuposa kale, mpaka galimoto yonse inagwedezeka.

"Amock!"

"Adada?"

"Ntchito yanji imeneyi? Chikuvutabe ichi."

Amock anatsegula pakamwa. Nkhope yake inasintha, mtima wa mmisiri utamupweteka.

"Adada, sizingatheke! Dikirani ndikusonyezeni, chala chimodzi chokha..."

Anayamba kupita ku galimoto. Ine, Simeon, amene ndinavutika ndi chitseko chimenechi kuposa mwamuna aliyense mumpingomo, ndinamugwira jekete kumbuyo n'kumukoka mwamphamvu mpaka batani linaduka.

"Chikuvuta," ndinamunong'oneza. "Nanenso ndinachiona. Khala chete."

NyaChavula anasuzumira pa windo n'kulankhula mokweza kuti amayi a Umanyano amve.

"Chikuvutadi, Amock mwana wanga. Ndayesayesa mkati muno, chakana."

Amock anayang'ana amayiwo, kuyang'ana aphunzitsi ake, kuyang'ana batani lake m'fumbi.

"Pepani, adada," anatero. "Zitsulo za masiku ano."

Kumbali ya amayi wina anayamba kuseka, n'kusiya mwadzidzidzi kuti apukute m'maso ndi nsonga ya chitenje. Dorica anali kundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti masana amenewo nkhani ya chitseko cha nyumba ibweranso.

A Luhanga anali chiweramire, bondo lili pansi pa chitseko, nkhope ili pa windo. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva.

"Tafika, NyaChavula."

"Yewo, adada."